Kodi The Simpsons ikuseketsabe bwanji patapita zaka zoposa 35?

Nangozo analemba:

Ndabwera ndi funso kwa inu amene mwakhala mukuonera makatuni a akuluakulu kwa zaka zambiri, makamaka amene mumadziwako za kalembedwe kake. Sewero la The Simpsons, lomwe analiyambitsa ndi Matt Groening mothandizana ndi James L. Brooks ndi Sam Simon, linayamba kuonetsedwa palokha pa kanema wa Fox ku America pa 17 Disembala 1989, ngakhale kuti banja la Homer linali litayamba kale kuoneka mu 1987 m'tizigawo tatifupi ta mu pulogalamu ya The Tracey Ullman Show. Mu 2018 linapitirira sewero la Gunsmoke, lomwe linathera pa magawo 635, ndipo lero magawo ake aposa 750.

Chimene chikundizunguza mutu n'chakuti m'seweroli palibe amene amakula. Bart akadali mnyamata wa zaka 10, Lisa wa zaka 8, Maggie akadali khanda, ndipo bambo wawo Homer akugwirabe ntchito yomwe ija kumalo opangira magetsi a nyukiliya a Mr. Burns. Nyumba ndi yomweyo, mpando wa pabalaza ndi womwewo, ndipo madzulo abambo a m'tauni yawo ya Springfield amakakumanabe kumalo omwera mowa a Moe. Akuluakulu amati tsobola wakale sawawa, ndipo ine ndimaona kuti mawuwa amagwira kwambiri pa nthabwala, chifukwa nthabwala imadalira kudzidzimutsa womvera, pamene munthu sadzidzimuka kawiri ndi chinthu chimodzi. Komabe masabata apitawa ndinaonera magawo angapo atsopano, nditakhala zaka zambiri osaonera, ndipo ndinapezeka ndikuseka kuchokera pansi pa mtima, penanso kukhudzidwa kumene ndi nkhani yake.

Tsono ndikufuna kudziwa kuti olemba amachita chiyani kwenikweni kuti sewero lodzudzula anthu ndi maulamuliro mwanthabwala lisasukuluke kwa nthawi yaitali chonchi. Kodi pali njira yodziwika imene amatsata, kapena ndi ife oonera amene timangoseka chifukwa tinazolowerana ndi anthu a ku Springfield ngati abale athu? Ndingakondwe kumvanso kwa amene akuona kuti seweroli linatha kale mchere, chifukwa mwina kuseka kwanga kwandiphimba m'maso.

Chisale analemba:

Mayi Nangozo, funso lanu ndi lokoma, ndipo ndiyamba ndi chinthu chimene oonera sitichiona, ndicho mmene gawo limodzi limalembedwera. Dzina limene limaoneka pa kanema kuti uyu ndiye walemba gawoli ndi la munthu amene analemba koyamba basi. Zolembazo zikafika m'chipinda cha olemba, gulu lonse limazisanthula mzere ndi mzere, kuchotsa nthabwala zofooka ndi kuikapo zina, kenaka olankhula m'malo mwa ampangankhani amakhala pamodzi n'kuwerenga mokweza, ndipo pamene anthu sanaseke amalembaponso. Zojambula zoyambirira zikabwera amakonzanso, zomaliza zikabwera amakonzanso kumene kungatheke. Mutu umodzi susenza denga, ndipo nthabwala imene yapulumuka m'manja mwa anthu ambiri chotere nthawi zambiri imakhala si ija imene aliyense akanaiganiza poyamba. Ngakhale John Swartzwelder, amene dzina lake lili pa magawo 59, kuposa wolemba wina aliyense wa seweroli, zolemba zake zinkadutsa m'chipinda chomwecho.

Chachiwiri, chomwe ine ndimachiona kuti n'chachikulu kuposa zonse, ndi kutalika kwa nthawi yopangira gawo. Kuchokera pamene nkhani yaganiziridwa kufika pamene yaonetsedwa pamapita miyezi 6 kapena kuposerapo, poti mbali yaikulu ya zojambula imakamalizidwira kunja, makamaka ku South Korea, kumene kampani ya AKOM yakhala ikugwira ntchitoyi kuyambira pachiyambi. Anthu ena amaona ngati kuchedwaku ndi chilema, koma ine ndimati ndiko kunapulumutsa seweroli. Wolemba amene akudziwa kuti nthabwala yake idzamveka patapita theka la chaka sangadalire nkhani imene ili m'nyuzipepala lero, choncho amakakamizika kulasa zinthu zimene sizichoka msanga. N'chifukwa chake Springfield ili ndi meya wakatangale, Quimby, mkulu wa apolisi waulesi, Wiggum, mbusa wotopa ndi nkhosa zake, Lovejoy, mphunzitsi wamkulu wamantha, Skinner, wowerenga nkhani wodzikonda, Kent Brockman, ndi mpondamatiki wopanda chifundo, Mr. Burns. Aliyense wa amenewa ndi khomo lolowera ku bungwe lina la moyo wa anthu, ndipo malinga ngati mabungwewo alipo ndipo akulakwitsabe, zolemba sizingasowe.

Chitsanzo chimene ndimachikonda ndi gawo la mu 1993 lotchedwa Marge vs. the Monorail, lomwe analemba Conan O'Brien. Tauni yapeza ndalama zambiri mwadzidzidzi, Marge, mkazi wa Homer, akupempha kuti akonzere msewu waukulu umene waonongeka, koma kwabwera munthu wolankhula mokoma amene wakopa msonkhano wonse kuti agule sitima yoyenda pa njanji imodzi imene tauniyo sikuifuna n'komwe. Gawoli silinamangidwe pa nkhani ya sabata imeneyo, ndipo n'chifukwa chake munthu amene analibe kubadwa mu 1993 akalionera lero amazindikira nthawi yomweyo zimene likunena, poti atsogoleri okonda chitukuko chonyezimira kusiya chofunika sanathe padziko.

Palinso nkhani ya kuchuluka kwa anthu a m'tauniyo. Banja la anthu asanu likanatha nkhani m'zaka zochepa, koma olemba anadzaza Springfield ndi ampangankhani ochuluka zedi, moti akatopa ndi Homer angathe kutembenukira kwa Moe, kwa Krusty wanthabwala za pa kanema, kwa Milhouse mnzake wa Bart kapena kwa agogo a Bart. Mu 1996 anachita kupanga gawo lathunthu, 22 Short Films About Springfield, lomwe ndi tinkhani tating'onoting'ono ta anthu apambaliwa, ndipo kachidutswa kake ka Skinner akunamiza bwana wake Chalmers pa chakudya chamasana kanadzatchukanso pa intaneti patapita zaka zoposa 20. Onjezanipo kuti sananenepo motsimikiza kuti Springfield ili m'chigawo chiti cha America, zomwe zimawapatsa ufulu woikamo nyanja, chipululu, phiri kapena doko malinga ndi zimene nkhani ikufuna.

Pomaliza ndingotchula timipata timene anadzisiyira kuti azipumirako mpweya wina. Kuyambira mu 1990 chaka chilichonse pamakhala gawo la Treehouse of Horror, mmene malamulo onse a seweroli amaimitsidwa, anthu amafa, zilombo zimabwera, ndipo sabata yotsatira zonse zimabwerera mwakale. Chiyambi cha pulogalamu, pamene banja limathamangira pa mpando wa pabalaza, chimasintha kawirikawiri, ndipo nthawi zina amachipereka kwa aluso akunja. Mu 2010 Banksy, katswiri wojambula pa makoma wa ku Britain, anajambula chiyambi choonetsa anthu akuvutika m'fakitale yamdima popanga katuniyo ndi katundu wake, kutanthauza kuti seweroli linalola mlendo kuti alidzudzule lokha pakhomo pake pomwe.

Mbewe analemba:

Bambo Chisale afotokoza bwino, koma pamfundo yakuti kuchedwa ndiko kumateteza nthabwala ndikufuna kusiyana nawo pang'ono, chifukwa pali sewero lina lakale ndithu limene linasankha njira yotsutsana ndi imeneyo ndipo likadali ndi mano. Ndikunena South Park, la Trey Parker ndi Matt Stone, lomwe linayamba pa kanema wa Comedy Central mu Ogasiti 1997. Gawo loyamba analipanga ndi mapepala odula pamanja, koma kuchokera pamenepo amagwiritsa ntchito kompyuta kutsanzira maonekedwe a mapepalawo, ndipo kuphweka kwa zojambulazo kunawalola kuti azipanga gawo lathunthu m'masiku 6. Kwa zaka zambiri ankayamba Lachinayi alibe kanthu m'manja n'kupereka gawo lomalizidwa Lachitatu, maola ochepa lisanaonetsedwe. Filimu ya mu 2011 yotchedwa 6 Days to Air inaonetsa mmene sabata yoteroyo imayendera.

Phindu lake linaoneka poyera pa 5 Novembala 2008, pamene anaonetsa gawo lokhudza kupambana kwa Barack Obama tsiku limodzi lokha chisankho chitachitika, muli ngakhale mawu ochokera m'zimene iye analankhula usiku wa chisankhowo. Nthabwala yotere imagwa pamene chilonda chikadali chachiwisi, ndipo woonera amamva ngati seweroli likukhala naye m'sabata yomweyo. Parker ananenapo kuti kuchepa kwa nthawi kumawathandiza kuti asamangobwerezabwereza kukonza chinthu mpaka kuchiononga. Koma mtengo wake uliponso. Mu Okutobala 2013 magetsi anazima kumalo awo ogwirira ntchito ndipo analephera kupereka gawo pa nthawi yake. Choopsa kwambiri chinachitika mu 2016, pamene anamanga nkhani ya chaka chonse yolumikizana gawo ndi gawo, Mr. Garrison, mphunzitsi wa m'seweroli, akuimira Donald Trump, ali ndi chiyembekezo chakuti Hillary Clinton apambana. Zotsatira zitatuluka mosiyana anayenera kulembanso gawo la sabata imeneyo mothamanga, ndipo magawo otsalawo anaoneka kuti akusowa kolowera. Apa ndikuvomereza kuti Bambo Chisale ali ndi mfundo, poti magawo ambiri omangidwa pa nkhani ya sabata imodzi ukawaonera patapita zaka umafunika wina akukumbutse chimene chinkachitika.

Koma chimene ndikufuna kuti Mayi Nangozo achione si liwiro lokha. Parker ndi Stone anauzapo ophunzira a ku New York University lamulo limene amatsata polumikiza zochitika za m'nkhani, lakuti pakati pa chochitika china ndi chinzake pazikhala mawu akuti "koma" kapena "choncho", osati "kenaka". Tanthauzo lake ndi lakuti chilichonse chizibadwa kuchokera ku chimene chachitika kale kapena chizilimbana nacho, m'malo mongoika zoseketsa pamzere. Nthabwala yoima payokha ndiyo imakalamba msanga, pamene nthabwala imene yatuluka chifukwa mpangankhani akufunitsitsa chinthu ndipo wakumana ndi chopinga imakhalitsa, chifukwa ngakhale ukudziwa mathero ake umasangalalabe kuona mmene afikireko.

Chinanso chimene ndimawalemekezera ndi kulimba mtima kotaya chimene chinkawadyetsa. M'zaka zoyambirira aliyense ankadziwa South Park chifukwa Kenny, mmodzi wa ana anayi amene nkhani zake zimazungulira, ankafa pafupifupi m'gawo lililonse. Ataona kuti nthabwalayo yasanduka ngongole yoti azilipira sabata ndi sabata, anamupha kwenikweni mu 2001, n'kumusiya kunja pafupifupi chaka chathunthu, ndipo atabwerera sankafanso kawirikawiri. Pamene eni akewo ankakula n'kukhala makolo, nkhani zambiri zinasamuka kuchoka kwa ana kupita kwa Randy Marsh, bambo ake a Stan, mnzake wa Kenny, moti seweroli linakula nawo ngakhale anawo sanakule. Ndipo mu 2018 anachita chinthu chosowa kwa anthu odzudzula anzawo. Mu 2006 anali ataseka Al Gore, amene anakhalapo wachiwiri kwa pulezidenti wa America, pomuonetsa akuchenjeza anthu za chilombo chongopeka, ManBearPig, chimene chinkaimira kusintha kwa nyengo. Patapita zaka 12 anabweretsa chilombocho chili chenicheni, chikupha anthu, ndipo anawo anachita kukapepesa kwa Gore. Kwa ine pamenepo ndi pamene pali moyo wa sewero lotere, kuti likhale lokonzeka kubwerera ku mawu ake akale n'kuvomera kuti linaphonya.

Nabanda analemba:

Ine ndine mmodzi wa amene Mayi Nangozo awaitana kumapeto kwa funso lawo, ndipo ndilankhula monga munthu amene amalikonda seweroli, osati mdani wake. Sindikuvomereza kuti The Simpsons inasunga ukali wake nthawi yonseyi. Inautaya kwa zaka zambiri, ndipo kuti timvetse mmene nthabwala imakhalira yatsopano tiyenera kuyang'ananso mmene imafera.

Taonani mmene utsogoleri wa olemba unkayendera poyamba. Groening, Brooks ndi Simon anatsogolera zaka ziwiri zoyamba, Al Jean ndi Mike Reiss ziwiri zotsatira, David Mirkin ziwiri, Bill Oakley ndi Josh Weinstein ziwiri. Gulu lililonse linkabwera ndi kakomedwe kake, n'kuthira zonse zimene linali nazo, n'kuchoka lisanaume. Kenaka Mike Scully anakhala zaka 4, ndipo kuyambira mu 2001 Al Jean anabwerera n'kukhalapo pafupifupi zaka 20. Sindikunyoza luso la munthu ameneyu, amene ali m'gulu la omanga seweroli, koma khutu limodzi likamasankha nthabwala kwa nthawi yaitali chotero, kamvekedwe kamakhala kamodzi, ndipo woonera amayamba kudziwiratu pamene kuseka kukubwera.

Matenda aakulu anali kufupikitsa anthu. Ned Flanders, woyandikana nyumba ndi Homer, poyamba anali mnansi wabwino, wokoma mtima, wopemphera, amene moyo wake woyenda bwino unkamupsetsa mtima Homer popanda chifukwa chenicheni, ndipo nthabwala inali pa nsanje ya Homer. M'kupita kwa zaka anangotsala munthu wachipembedzo chonyanyira basi, moti oonera a pa intaneti anapanga mawu kuchokera ku dzina lake otanthauza kufinya mpangankhani mpaka atsale ndi khalidwe limodzi. Homer naye, amene poyamba anali bambo wopepera koma wokonda ana ake, panafika nthawi imene anangokhala wankhanza ndi waphokoso. Alendo otchuka, amene kale ankabwera kudzalankhula m'malo mwa mpangankhani watsopano, monga anachitira Dustin Hoffman pokhala mphunzitsi wogwirizira wa Lisa mu 1991, anayamba kumangobwera monga iwo eni kuti banja la Simpson liwatamande. Sewero limene ntchito yake ndi kudzudzula otchuka likayamba kuwagwadira, mano ake agweruka.

Palinso mbiri imene sitingaizembe. Mu 1992 Pulezidenti George H. W. Bush ananena pagulu kuti akufuna mabanja a ku America afanane ndi banja la m'sewero la The Waltons, osati la Simpson. Nthawi imeneyo seweroli linali mwana wosamvera amene akuluakulu ankamuopa, ndipo masukulu ena ankaletsa malaya okhala ndi chithunzi cha Bart. Lero ndi chuma cha kampani ya Disney, imene inagula mbali yaikulu ya 21st Century Fox mu 2019. N'kovuta kuponya miyala pa nyumba yaikulu iwe ukugona m'chipinda chake chabwino. Olemba okha anaziona izi zikubwera, chifukwa mu 1997, m'gawo la The Itchy & Scratchy & Poochie Show, anaonetsa akuluakulu a kanema akuumiriza galu watsopano m'katuni yokalamba pofuna kukopa achinyamata, ndipo Lisa anafotokoza kuti katuniyo sinalakwe kanthu, kungoti anthu akaizolowera singawagwedezenso ngati kale.

Nangozo analemba:

Zikomo nonse atatu. Mayi Nabanda, mfundo yanu ya Flanders yandigwira, chifukwa ndi yomwe inandisiyitsa kuonera ngakhale panthawiyo sindikanatha kuifotokoza. Koma ndiye mwandisiya ndi funso lina. Ngati seweroli linafookadi kwa zaka zambiri chotero, nanga magawo atsopano amene ndaonerawa akundikomera chifukwa chiyani? Limodzi linali la Homer ndi Marge atasochera m'nkhalango nthawi yozizira, ali awiriwiri, ndipo munalibe mlendo wotchuka kapena phokoso, koma anthu awiri okwatirana kalekale akusamalirana. Silinafanane ndi magawo a m'zaka za m'ma 1990, komanso silinafanane ndi amene anandithamangitsa aja. Ndikufuna kudziwa ngati pali chimene chinasintha m'kalembedwe, kapena ndangogwera pa magawo abwino mwamwayi.

Mwale analemba:

Mayi Nangozo, simunagwere mwamwayi. Gawo limene mukunenalo ndi Pixelated and Afraid, la mu 2022, ndipo linatuluka m'nyengo imene Matt Selman, amene wakhala akulemba seweroli kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, anatenga udindo waukulu wotsogolera olemba. Izi zikugwirizana ndi zimene Mayi Nabanda anena za khutu latsopano. Chimene ndimaona m'magawo a nyengo imeneyi n'chakuti analeka kupikisana ndi mbiri yawo. Kwa zaka zambiri ankayesa kupanganso magawo onga a 1993 koma mphamvu zake palibe, pamene tsopano amafunsa kuti ndi nkhani yamtundu wanji imene anthu a ku Springfield sanaikidwemo. Mu 2021 anapanga A Serious Flanders, nkhani ya magawo awiri yotsanzira masewero aupandu onga Fargo, mmene Flanders yemwe uja anabwezeredwa umunthu wake, munthu wabwino amene ubwino wake ukuyesedwa ndi ndalama zimene wazitola. Mpangankhani amene anafinyidwa angathe kufutukulidwanso ngati wolemba wamufunsa funso lenileni.

Koma yankho langa lalikulu pa funso lanu loyamba lili pa chinthu chomwe chinakudabwitsani, chakuti palibe amene amakula. Ine ndimaona kuti kusasinthako ndiko chida chawo champhamvu, chifukwa banjalo likaima malo amodzi dziko n'kumayenda, chithunzi chomwecho chimayamba kunena zina. Mu 1989 Homer anali chitsanzo cha bambo wamba wovutikira, wopanda maphunziro a ku koleji, amene m'gawo loyamba lenilenilo anasowa ndalama za Khrisimasi n'kukagwira ganyu yovala ngati Santa Claus. Koma bambo yemweyo ali ndi nyumba yosanja yakeyake, magalimoto awiri, ana atatu, ndipo mkazi wake sali pa ntchito yolipidwa. Mu 1997, m'gawo la Homer's Enemy, Frank Grimes, munthu wolimbikira amene moyo sunamukomere, analowa m'nyumbayo n'kudabwa kuti munthu waulesi chotere akukhala bwanji m'nyumba yonga yachifumu. Panthawiyo nthabwala inali pa mwayi wa Homer. Pofika mu 2022, m'gawo la Poorhouse Rock, mmene munali Hugh Jackman ndi Robert Reich, amene anakhalapo nduna ya zantchito ku America, olemba anauza Bart mosabisa kuti ntchito yonga ya bambo ake, yodyetsa banja lonse, m'badwo wake sudzaipeza. Nyumba sinasinthe ngakhale njerwa imodzi, koma imene inali chizindikiro cha kuvutika yasanduka chizindikiro cha zimene anthu wamba a ku America anataya. Sewero latsopano silingachite zimenezi, chifukwa lilibe zaka 30 zoyezera.

Kuti izi zitheke amalolera kusuntha mbiri ya banjalo. Poyamba Homer ndi Marge anakumana kusekondale mu 1974, koma mu 2008 gawo lina linaika unyamata wawo m'zaka za m'ma 1990, ndipo oonera akale ambiri anakwiya. Ine sindinakwiye nawo, chifukwa bambo wa zaka za m'ma 30 amene ali ndi mwana wa zaka 10 lero sangakhale kuti anakula m'nthawi ya Richard Nixon, ndipo olemba akakakamira zaka zakalezo ndiye kuti Homer asanduka nkhalamba yovala nkhope ya mnyamata. Komabe pali zosintha zina zimene amazisunga. Lisa analeka kudya nyama mu 1995, ndipo woimba Paul McCartney anavomera kudzalankhula m'gawolo pokhapokha Lisa asadzabwererenso ku nyama, lonjezo limene alisunga mpaka lero. Maude Flanders, mkazi wa Ned, anamwalira mu 2000 ndipo Ned anakhaladi wamasiye. Zoterezi n'zochepa, koma zimapatsa tauniyo chikumbukiro, kuti isakhale malo amene chilichonse chimafufutika.

Pa zimene Bambo Mbewe anena za kuvomera kulakwa, The Simpsons inachedwa kuposa South Park, ndipo nkhani ya Apu ndi umboni. Mu 2017 Hari Kondabolu anatulutsa filimu ya The Problem with Apu, yofotokoza mmene mpangankhani ameneyu, mwini sitolo wochokera ku India amene mawu ake ankalankhula ndi mzungu, Hank Azaria, anagwiritsidwira ntchito ponyoza ana a ku America a makolo ochokera kumeneko. Yankho loyamba la seweroli mu 2018 linali lodziteteza, ndipo choipa kwambiri analiika m'kamwa mwa Lisa, amene nthawi zonse amaima ndi onyozedwa. Mu 2020 Azaria analeka kulankhula m'malo mwa Apu, ndipo chaka chomwecho opanga seweroli analengeza kuti azungu sazilankhulanso m'malo mwa ampangankhani a mitundu ina, moti ampangankhani akuda anapatsidwa kwa olankhula akuda, Carl kwa Alex Désert ndipo Dr. Hibbert kwa Kevin Michael Richardson. Ena amati uku n'kugonja, koma ine ndimati nthabwala imene inkaseketsa chifukwa oonera sankamva mbali ya wosekedwayo imafa yokha tsiku limene mbaliyo yamveka, ndipo kuikakamira sikuibwezera moyo. Chimene ndimadandaula n'chakuti Apu anangotsala chete kumbuyo, pamene akanatha kulembedwanso ndi anthu odziwa moyo wa munthu wotero.

Chimene sindikuona njira yake ndi mawu. Zojambula sizikalamba, koma anthu olankhula amakalamba. Phil Hartman atamwalira mu 1998, Troy McClure ndi Lionel Hutz, amene iye ankalankhula m'malo mwawo, anapumitsidwa, ndipo Marcia Wallace atamwalira mu 2013 anachitanso chimodzimodzi ndi mphunzitsi wa Bart, Edna Krabappel, amene Wallace ankalankhula m'malo mwake. Mu 2024 Pamela Hayden, amene analankhula m'malo mwa Milhouse kwa zaka 35, anapuma pa ntchito. Dan Castellaneta, Julie Kavner, Nancy Cartwright ndi Yeardley Smith akhala akulankhula m'malo mwa Homer, Marge, Bart ndi Lisa kuyambira mu 1987, ndipo amene amamvetsera bwino amazindikira kuti mawu a Marge lero ndi olemera ndi osasa kuposa kale. M'gawo la m'nkhalango limene mwalitchulalo, ine ndinaona kuti kusasa kumeneko kunathandiza nkhaniyo, chifukwa kunamveka ngati mawu a mkazi amene wakhaladi m'banja zaka zambiri. Olemba akudziwa kuti funso la mathero lili m'mitima ya oonera, ndipo mu Seputembala 2024 anatsegula chaka chawo cha 36 ndi gawo la Bart's Birthday, lomwe linadzionetsa ngati gawo lomaliza, Conan O'Brien akulandira alendo, nkhani yake ikunenedwa kuti yalembedwa ndi kompyuta imene yasonkhanitsa mathero onse ozolowereka a masewero ena. Aliyense m'tauniyo akutsazika, malo akutsekedwa, ndipo Bart yekha ndiye akukana kuti tsiku lake lobadwa limufikitse pa zaka 11. Mayi Nangozo, ngati simunalionere limenelo, yambani ndi Homer's Enemy, mutsatize Poorhouse Rock, kenaka mudzamalize ndi ilo, ndipo mudzatiuze ngati Frank Grimes mukumumva mofanana ndi mmene munamumvera poyamba.